Tsiku lokhala mwezi: mkangano wa ku Yavneh ndi azimayi a pa khoma la Jerusalem

Mwezi ukangokhala, m'mawa wake pa khoma lija la Western Wall ku Jerusalem, malo opatulika omwe Ayuda amapempherapo, pamakhala phokoso. Azimayi a gulu la Women of the Wall amalawirira atafunda nsalu zopempherera zija kale ankafunda azibambo okha, nkuyamba kuimba mokweza kumbali ya azimayi, ndiye enanso amabwera ndi mawezulo kudzawasokoneza, apolisi ali pakati. Anayamba mu Disembala 1988 ndipo mpaka lero sanasiye. Otsutsawo akuti malo opatulika ali ndi mwambo wake ndipo suyenera kusinthidwa ndi kagulu kochepa, azimayiwo akuti tsikuli ndi lawo kuchokera kalekale. Nanga tsiku loti mwezi wakhala linakhala bwanji la azimayi?

Achiyuda amalitcha Rosh Chodesh, kutanthauza mutu wa mwezi. Ife sitivutika kumvetsa poti kwathu mwezi wakumwamba ndi mwezi wa pakalendala ndi liwu limodzi, komanso abale athu achisilamu timawaona chaka ndi chaka akudikira kuti mwezi uoneke kaye asanatsegule Ramadan kapena Eid. M'Baibulo tsikuli lili paliponse. Numeri 28 amatchula nsembe zake, pa 1 Samueli 20 Davide akusowa pa chakudya cha mfumu Sauli tsiku lokhala mwezi, pa Amosi 8:5 amalonda akudandaula kuti tsikuli litha liti kuti agulitse tirigu, zomwe zikuonetsa kuti msika unkaima ndithu. Pa 2 Mafumu 4:23 mayi wa ku Sunemu akufuna kupita kwa Elisa, mwamuna wake nkumufunsa kuti upitiranji lero, si tsiku lokhala mwezi kapena Sabata, ndiye kuti pa masiku amenewo azimayi ankapita kwa mneneri.

Vuto linali loti mwezi umatenga masiku 29 ndi theka, ndiye mwezi wa pakalendala umakhala wa masiku 29 kapena 30, ndipo winawake ankayenera kugamula. Buku lakale la malamulo achiyuda lotchedwa Mishnah limafotokoza mmene zinkakhalira. Amene waona kamwezi kopyapyala kaja madzulo ankathamangira ku bwalo la akuluakulu, ankaloledwa kuyenda ulendowo ngakhale pa Sabata, akafika ankawaphikira chakudya chambiri kuti asamagwe ulesi kubweranso. Kenako mafunso: unauona kumpoto kapena kummwera, unali pamwamba bwanji, unapendekera kuti, unali wonenepa bwanji. Mboni ziwiri zikagwirizana mkulu wa bwalo ankanena kuti wapatulika, anthu onse nkuyankha wapatulika, wapatulika. Usiku ankayatsa miuni pa Phiri la Azitona, a phiri lotsatira akaona nkuyatsanso yawo, uthenga nkumayenda choncho phiri ndi phiri kulowera kwa Ayuda a ku Babulo. Mishnah yomweyo ikuti Asamariya atayamba kuyatsa moto pa masiku olakwika anasiya zamiunizo nkuyamba kutuma amithenga, koma apa tikumva mbali imodzi yokha, mawu a Asamariyawo mulibemo.

Pomwe zinthu zinakhotera, mmene ine ndikuonera, ndi ku Yavneh, tauni yomwe aphunzitsi anasonkhanako Aroma atagwetsa kachisi wa ku Jerusalem m'chaka cha 70 AD. Mkulu wa bwalo anali Rabban Gamliel, mdzukulu wa Gamaliyeli uja anaphunzitsa Paulo. M'chipinda chake chapamwamba anali ndi zithunzi za maonekedwe a mwezi pa thabwa ndi pakhoma, munthu wamba akabwera ankamulozera nkumufunsa kuti unaona chonchi kapena chonchi. Tsiku lina panabwera anthu awiri nkunena kuti mwezi tinauona pa nthawi yake, koma usiku wotsatira, pomwe umayenera kuoneka bwino kuposa dzulo, sunaoneke. Gamliel anawavomera basi. Rabbi Dosa ben Harkinas anati mboni zimenezi nzabodza, angachitire bwanji umboni kuti mayi wabereka chonsecho mawa lake mimba ikadali pomwepo. Rabbi Joshua, munthu wolemekezeka kwambiri pa nzeru, anati Dosa akunena zoona.

Sinali nkhani yaing'ono chifukwa unali mwezi womwe pa 10 pake pamakhala Yom Kippur, tsiku losala kudya lomwe munthu sanyamula katundu kapena kugwira ndalama. Tsiku loyamba likasuntha, Yom Kippur nayenso wasuntha. Gamliel anatumiza uthenga kwa Joshua kuti ndikukulamulani mubwere kwa ine ndi ndodo yanu ndi ndalama zanu pa tsiku lomwe mwa kuwerengera kwanu ndi Yom Kippur. Tangoganizani, munthu akuuzidwa kuti aphwanye pagulu tsiku lomwe mumtima mwake akudziwa kuti ndi lopatulika koposa onse. Rabbi Akiva anamupeza ali wosweka mtima nkumutonthoza ndi Levitiko 23, kuti zikondwererozo ndi zomwe inu mudzalengeze, kaya mwalengeza pa nthawi yake kaya ayi. Dosa mwini wake, amene anayambitsa kutsutsako, anamuuza kuti tikayamba kufufuza bwalo la Gamliel ndiye tifufuzenso mabwalo onse kuyambira kwa Mose. Joshua anatenga ndodo ndi ndalama nkupita ku Yavneh tsiku lomwelo. Gamliel anaimirira nkumupsompsona pamutu, nati bwerani mumtendere aphunzitsi anga ndi wophunzira wanga, aphunzitsi pa nzeru, wophunzira poti mwamvera mawu anga.

Nkhaniyi imathera pabwino, koma tisaiwale kuti Mishnah anaisonkhanitsa cha m'ma 200 ndi Judah ha-Nasi, mdzukulu wa Gamliel yemweyo. Talmud ya ku Babulo, buku la zokambirana za aphunzitsi pa Mishnah lomwe linabwera pambuyo, ikuti Gamliel atamuchititsanso manyazi Joshua pa nkhani ina anthu anatopa nazo, anakumbutsana za mwezi zija nkumuchotsa pa mpando kwa kanthawi, ndiye zikuoneka kuti chilondacho sichinapole ndi kupsompsona kuja. Gamliel anali ndi chifukwa chake, anthu anali atangotaya kachisi, akanati aliyense azisunga tsiku lake akanabalalikiratu. Komabe amene anayenda ulendo uja ndi ndodo m'manja anali Joshua, ndipo kuyambira pamenepo mawu a bwalo anaposa zomwe maso aona kumwamba.

Zotsatira zake ndingozidumpha mwachangu. Kuona mwezi kunasanduka masamu, miyezi 12 yokwana masiku 354 pa chaka, ndi mwezi woonjezera maulendo 7 pa zaka 19 zilizonse. Ambiri amati anakhazikitsa ndi mkulu wina wa bwalo, Hillel II, mu 359, koma umboni wa chaka chimenechi unalembedwa patapita zaka mazanamazana, ndipo mu 921 aphunzitsi awiri, Aaron ben Meir ndi Saadia Gaon, ankakanganabe za masiku, ndiye akatswiri ena amati kalendalayo inakhazikika pang'onopang'ono.

Mboni zitasiya kuthamanga, miuni itazima, nsembe zitatha, azibambo anatsala ndi mapemphero oonjezera m'sunagoge kenako nkupita kuntchito monga mwa masiku onse. Amene anasunga mpumulo uja wa pa Amosi anali azimayi. Talmud ya ku Jerusalem imavomereza kuti kusagwira ntchito kwa azimayi pa tsikuli ndi mwambo weniweni, ndipo m'madera ambiri ankaika pansi singano, osasoka, osaluka, osapota thonje. Chifukwa chomwe chimatchulidwa nchakuti azimayi anakana kupereka ndolo zawo popanga mwana wang'ombe wagolide uja, ndiye Mulungu anawapatsa tsikuli ngati mphotho. Nkhani imeneyi ili m'buku la Pirkei de-Rabbi Eliezer la cha m'ma 700 kapena 800, pa Eksodo 32 palibepo, ndiye ine ndimaona ngati mwambowo unalipo kale, kufotokozerako kunachita kubwera pambuyo. Ku Safed, tauni ya ku Galileya, m'zaka za m'ma 1500 aphunzitsi anawonjezera kuti tsiku loti mawa mwezi ukhala munthu azisala kudya nkuunguza zomwe walakwitsa mwezi wathawo, kuti watsopanowo awuyambe ndi mtima woyera.

Mu 1976 Arlene Agus ku America analemba zolimbikitsa azimayi kulitenganso tsikuli, timagulu tinayamba kukumana m'makomo madzulo a mwezi watsopano, kuyatsa kandulo, kuphunzira limodzi, aliyense nkunena zomwe zamulemera mwezi wathawu ndi zomwe akufuna kuchita mwezi ukubwerawu. Nchifukwa chake a Women of the Wall pofuna tsiku lokumana mwezi ndi mwezi sanavutike kusankha. Mtsogoleri wawo wa nthawi yaitali Anat Hoffman anamangidwa mu 2010 atanyamula pa khomalo mpukutu wa Torah (mabuku asanu a Mose), mu Epulo 2013 woweruza Moshe Sobel anagamula kuti kupemphera kwawo sikuphwanya lamulo, mu Januwale 2016 boma linavomera zokonza malo opempherera azibambo ndi azimayi pamodzi chakummwera kwa khomalo, koma mu Juni 2017 linaimitsa pulaniyo. Mpukutu wa Torah wochokera kunja saulolabe kulowa, ndiye pa geti alonda amasecha zikwama za azimayiwo mwezi uliwonse ukakhala.