Mapaipi ali pansi, mapu ali m'mutu mwa mdala

Paipi ikaphulika kwanuko, madzi n'kumathamanga mumsewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mumadabwa kuti a zamadzi akuchedwa ndi chiyani. Nthawi zambiri galimoto imakhala itafika kale, anthu ali chilili ndi mapiki m'manja. Chowaimitsa ndi funso limodzi: valavu yotsekera paipi imeneyi ili pati? Ntchito yanga ndi yokonza mapulogalamu a pakompyuta ndi pafoni othandiza mabungwe ogawa madzi, ndipo funso limeneli landiphunzitsa zambiri kuposa zimene ndinatola m'kalasi.

Chuma cha bungwe la madzi n'chokwiririka. Madzi ambiri amene anthu a mu Blantyre amamwa amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni, ndipo mapampu amachita kuwakankha chokwera mamita pafupifupi 800 kuti afike m'mathanki. A ku Lilongwe amadalira madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Kuchokera kumeneko kufika pampopi wa pakhomo panu pali mapaipi osawerengeka, ena a nthawi ya atsamunda, ena a chaka chatha chomwechi. Pamwamba pake anthu amanga mipanda, maokala, ngakhale matchalitchi. Amene amakumbukira kuti pansi pali chiyani ndi pulambala wachikulire amene analipo pokumba. Iye akapuma pantchito, mapu amapita naye kumudzi.

Tsono ntchito yoyamba ya pulogalamu ndi kuchotsa mapu amenewa m'mutu mwa munthu mmodzi n'kuwaika poti aliyense awaone. Zida zake zilipo, zina zaulere. Pulogalamu ya mapu ya QGIS imajambula paipi iliyonse pamalo pake. EPANET, imene bungwe loteteza zachilengedwe la ku America linatulutsa mu 1993, imawerengera mmene madzi akuyendera ndi puresha yake paliponse. Mamita 10 aliwonse otsetsereka amawonjezera puresha ndi pafupifupi bar imodzi (muyeso wa puresha), n'chifukwa chake m'mizinda yamapiri mapaipi a m'munsi amaphulika pamene a kumtunda mpopi ukungotulutsa mpweya. Koma kompyuta imangodziwa zimene yauzidwa. Ngati yemwe wasintha paipi dzulo sanainene, mapu ayamba kale kunama.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa poyamba. Ndinakonza fomu ya pafoni yoti apulambala azidzaza akamaliza kukonza, ndipo funso lililonse limene akuluakulu a mu ofesi anafuna ndinaliikamo. Mabwana anaiyamikira. Patapita milungu ndinaona kuti malipoti onse akulowa Lachisanu madzulo, malo ake akuloza pa ofesi. Ndinakwera galimoto yawo kuti ndikaone ndekha. Bambo wina anali m'dzenje, matope mpaka m'zigongono, dzuwa likuswa mtengo moti pasikirini simumaoneka kanthu, netiweki kulibe. Atatuluka anandiyankha mwaulemu ndithu: "Achimwene, mukufuna ndigwire sipanala kapena foni?" Ankadzaza fomuyo pakutha pa sabata, mongokumbukira.

Tinaigwetsa n'kuyambanso. Tsopano munthu amajambula chithunzi, foni imatola yokha malo ndi nthawi, kenako amadina mabatani akuluakulu atatu: paipi yamtundu wanji, yaikulu bwanji, chachitika n'chiyani. Zonse zimasungika mufoni ngakhale popanda intaneti, n'kudzatumizika zokha netiweki ikapezeka. Chithunzi timachichepetsa kuti chisadye bandulo. Mafunso ena onse ndinawachotsa, ndipo ena mu ofesi anandikwiyira. Ndinawauza kuti mayankho atatu oona aposa mayankho makumi awiri opeka, ndipo maganizo amenewa sindinasinthe mpaka lero.

Nkhani ya maadiresi ndi ina. Mapulogalamu ambiri ochokera kunja salola kupitirira usanalembe dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Mtandire munthu amati "kuseri kwa chigayo, mukadutsa pamtengo wa mango". Adiresi yake ndi imeneyo, ndipo dalaivala amaimva bwino. Pulogalamu iyenera kuilandira mmene yanenedwera. Ngati woimba foni ali ndi bilu pafupi, nambala ya mita ndiyo imatilozera pamapu mosavuta.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi otayika mwakachetechete. Paipi yophulikira mumsewu aliyense amaiona, n'kukonzedwa. Yodontha pansi imatha miyezi, ndipo madzi amenewo anathiridwa kale mankhwala, anapopedwa kale ndi magetsi olipira. Njira yowasakira ndi iyi: mzinda umagawidwa m'timadera, kadera kalikonse n'kukhala ndi mita yaikulu polowera madzi. Pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko usiku anthu ali m'tulo, ndiye ngati mita ikuzungulirabe mwamphamvu, penapake pakudontha. M'mabuku zimathera pomwepo. Kuno kwathu, m'madera amene madzi amabwera mwa apo ndi apo, nthawi imeneyoyo ndi imene amayi amakhala ali maso kudzaza madiramu ndi zigubu. Pulogalamu yosadziwa zimenezi imatumiza anyamata kukakumba pamalo popanda vuto. EPANET nayo imawerengera ngati kuti mapaipi ndi odzaza nthawi zonse, pamene athu ena amagona opanda kanthu magetsi akazima kumapampu. Wokonza pulogalamu ayenera kuikamo ndandanda ya nthawi imene dera lililonse limalandira madzi, apo ayi manambala ake adzakhala okongola koma osocheretsa.

M'chipinda choyang'anira mapampu ndi mathanki vuto lake ndi phokoso. Opanga makina amakonda kuti kalikonse kazilira: thanki ikatsika pang'ono, belu, magetsi akagwedera, belu. Munthu wa shifiti ya usiku amazolowera kungodina kuti likhale chete. Mu 1994 fakitale yoyenga mafuta ku Milford Haven, ku Wales, inaphulika, ndipo ofufuza anapeza kuti m'mphindi 11 zomaliza anthu awiri oyang'anira analandira machenjezo 275. Palibe mutu ungasankhe chofunika pamenepo. Ine belu ndimalisiyira chinthu chofuna kuti munthu adzuke pampando nthawi yomweyo, ndipo uthenga wake uzinena chochita: thanki yakuti iuma pakatha maola awiri, yatsani pampu yachiwiri. Zina zonse zilembedwe phee, adzawerenga kukacha.

Za owerenga mamita ndingonena mwachidule. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, zigubu 50 za malita 20. Chala chikaterereka n'kuwonjezera ziro, banja limalandira bilu yoti silingagone. Foni iyerekeze ndi mwezi watha, ikaona kuti zalumpha ifunse kachiwiri ndi kupempha chithunzi cha mita munthuyo asanachoke pakhomopo.

Palinso mantha. Wantchito akaganiza kuti foni yabwera kudzamuzonda, kuti abwana adziwe pamene anaima kudya nsima, amaisiya m'galimoto. Ndimalimbana ndi mabwana kuti malo azitoleka pa nthawi ya lipoti yokha, komanso kuti zimene apulambala atumiza zizibwerera kwa iwo zitasanduka thandizo: akafika pamalo, foni iwaonetse valavu yapafupi ndi chithunzi chake, ndiponso kuti paipi yomweyi yaphulika kangati chaka chino.

Mdala uja, pulambala wachikulire, tinamupempha asanapume pantchito kuti ayende nafe. Iye kulemba pafoni sankafuna, ndiye tinaika batani lojambula mawu. Ankaima, n'kuloza ndi phazi, n'kufotokoza, mnyamata akujambula. Tsiku lina anatilowetsa mu okala, n'kupempha mayi wogulitsa kuti asunthe thumba la makala. Anagogoda simenti ndi sipanala, kunamveka mphako. Valavu inali pomwepo, ndipo madzulo a tsiku lomwelo inalowa pamapu, pamodzi ndi mawu ake akuti potseka muzipotoza pang'onopang'ono chifukwa ndi yakale.