Mankhwala okulitsa ziweto msanga: uthenga kwa alimi, ogulitsa nyama ndi ogula mu Blantyre

Ng'ombe zambiri zophedwa mu Blantyre zimachokera ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo mlimi aliyense amafuna kuti yake ilemere isanafike pa sikelo. N'chifukwa chake nkhani ya mahomoni okulitsa ziweto ikumveka m'makola. Koma dzina limeneli anthu akuitanira zinthu zosiyana, zina zoopsa kwa wodya nyamayo.

Mahomoni enieni okulitsa ng'ombe amabwera ngati timibulu tating'ono toikidwa pansi pa khungu la khutu. Muli estradiol, progesterone kapena testosterone, omwe thupi la nyama limapanga kale, kapenanso zeranol ndi trenbolone, opangidwa ku fakitale. Timibuluti timasungunuka pang'onopang'ono kwa miyezi itatu kapena inayi, ndipo chakudya chochuluka chimasanduka mnofu m'malo mwa mafuta. Ng'ombe yodya mokwanira imanenepa mofulumirapo ndi 10 mpaka 20 pa 100 aliyonse. Ya m'chilimwe, yongobudula udzu wouma, sipindula kanthu, chifukwa homoni siipatsa chakudya. Yambani mwakonza madeya, msipu, mchere, madzi, dipi ndi mankhwala a nyongolotsi.

Mayiko sagwirizana pa nkhaniyi. America ndi South Africa amalola. Mayiko a European Union adaletsa, ndipo kuyambira 1989 salandira nyama ya ng'ombe zoikidwa mahomoni. Botswana ndi Namibia, omwe amagulitsa nyama kumeneko, nawonso salola. Kwathu kuno, musanagule funsani mlangizi wa ziweto ngati mankhwalawo adalembetsedwa ku bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA. Opanda chizindikiro, kapena othiridwa m'botolo lina pamsika, asiyeni.

Khutu lidasankhidwa dala: pophera limadulidwa n'kutayidwa, kotero zotsalira za timibulu sizifika m'mbale. Apa tisamale kwambiri, popeza ife timadya mutu wa ng'ombe, ndipo ophika mang'ina sataya kanthu. Khutu la ng'ombe yoikidwa timibulu lisaphikidwe ndipo lisapatsidwe agalu. Kubaya mankhwalawa pakhosi kapena pantchafu n'koletsedwa konse, chifukwa munthu mmodzi atha kudya pa kanyenya mlingo umene ukadalowa m'thupi la ng'ombe kwa miyezi.

Woika timibulu akhale dotolo wa ziweto kapena mlangizi wophunzitsidwa. Ng'ombe igwidwe mutu kuti isagwedezeke. Khutu litsukidwe ndi mankhwala opha tizilombo n'kuumitsidwa, singano ikhale yakuthwa ndipo ipukutidwe akamaliza ng'ombe iliyonse. Mukagawa khutu patatu, malo ake ndi chigawo chapakati, kuseri, pakati pa khungu ndi fupa lofewa, kutali ndi mitsempha ikuluikulu. Singano izibwezedwa pang'onopang'ono pamene timibulu tikutuluka kuti tindandalike, kenako kabowo katsinidwe ndi zala.

Zolakwika zimadziwika. Khutu lamatope kapena landowe limachita chithupsa, mafinya n'kukuta timibulu kapena kutitulutsa. Timibulu tikalowa m'fupa lofewa, momwe magazi sayenda kwenikweni, sitigwira ntchito. Tikaphwanyika, homoni yambiri imalowa nthawi imodzi: ng'ombe zimayamba kukwerana, zazikazi zimatupa bere, zina zimatuluka chiberekero kapena thumbo. Nkhunzi yosungira mbeu isaikidwe, chifukwa mphamvu yake yobereketsa imachepa. Ng'ombe zamkaka ndi zazikazi zosungira kuswana zisaikidwenso. Lembani tsiku, dzina la mankhwala ndi chizindikiro cha ng'ombe, ndipo muuzeni wogula.

Nkhuku zoyera za nyama sizifuna homoni iliyonse. Zimakhwima pa masabata 6 chifukwa cha mtundu wake ndi chakudya, ndipo ngakhale ku America kupatsa nkhuku mahomoni n'koletsedwa. Chotidetsa nkhawa ndi mchitidwe wosinja ma ARV kapena mapiritsi olera n'kuwasakaniza m'chakudya cha nkhuku ndi nkhumba. Ma ARV amenewo ndi a munthu wodwala, amene akawasowa tizilombo timachulukanso m'thupi mwake, ndipo palibe mlingo wovomerezeka kwa chiweto. Chimodzimodzinso kuthira mankhwala opha tizilombo a oxytetracycline m'madzi a nkhuku zosadwala tsiku lililonse: tizilombo timazolowera, ndipo mawa mankhwalawo amakanika kuchiza nkhukuzo ngakhalenso mwana wa m'nyumbamo. Chiweto chikalandira mankhwala, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanachiphe kapena kugulitsa mkaka ndi mazira ake. Masikuwo amasiyana malinga ndi mankhwala.

Palinso clenbuterol, amene si homoni koma ena amamugwiritsa ntchito mozemba pofuna mnofu wopanda mafuta. Amaunjikana m'chiwindi, ndipo kuphika kapena kuotcha sikumuthetsa. Ku Spain mu 1990 anthu oposa 100 adadwala atadya chiwindi cha ng'ombe zopatsidwa mankhwalawa. Zizindikiro zimayamba pakangopita maola ochepa: manja kunjenjemera, mtima kugunda mothamanga, mutu, chizungulire ndi nseru. Odwala mtima, a BP ndi amayi oyembekezera ndiwo ali pachiopsezo chachikulu.

Ogula ku Ndirande, Limbe, Bangwe kapena Lunzu sangazindikire mankhwala poyang'ana nyama. Chimene mungathe ndi kufunsa chidindo cha oyeza nyama ndi kukana mnofu wokhala ndi chotupa, mafinya kapena banga lolimba pamene padabayidwa. Anthu angapo akayamba kunjenjemera atadya nyama imodzi, apite msanga ku chipatala chapafupi kapena ku Queen Elizabeth Central Hospital, atenge nyama yotsalayo, ndipo anene kumene adagula kuti ofesi ya zaumoyo ndi alangizi a ziweto akafike kumeneko ena asanagule.