Ndani akwere Gundam? Gwero la mkangano wa m'magemu a maloboti ankhondo

Anthu akasonkhana pa intaneti kuti asewere nkhondo ya Gundam, aliyense atadzipangira msilikali wake, mkangano woyamba sukhala wa Federation ndi Zeon ayi, mbali ziwiri zomenyana m'katuni ya Gundam. Umakhala woti ndani akwere Gundam, loboti yoyera ya ngwazi ya m'katunimo. Mkanganowu sunayambire pa intaneti. Unabadwa pamodzi ndi katuni yeniyeniyo.

Mobile Suit Gundam inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ku Japan pa 7 Epulo 1979, yopangidwa ndi kampani ya Nippon Sunrise motsogozedwa ndi Yoshiyuki Tomino. Makatuni a maloboti a nthawi imeneyo ankakhala ndi chiloboti chimodzi chosagonjetseka chomwe chinkaphwanya chilombo sabata iliyonse. Tomino ankafuna nkhondo ya asilikali, momwe loboti ndi chida chopangidwa m'fakitale mwaunyinji, chotha zipolopolo, chofuna amakaniko. Koma amene ankathira ndalama anali kampani ya zidole, ndipo chidole chogulitsika chinali cha ngwazi. Katuniyo inatenga zonse ziwiri: Zaku, loboti ya Zeon yobiriwira, yambirimbiri, ndi Gundam RX-78-2 ya Federation imodzi yokha, yotalika mamita 18, yoyendetsedwa ndi Amuro Ray, mnyamata wa zaka 15. Oonera anali ochepa moti zigawo anazidula kuchoka pa 52 kufika pa 43. Zimene zinaidzutsa ndi kuonetsedwanso kwake komanso timaloboti ta pulasitiki tolumikiza wekha ta kampani ya Bandai, tomwe tinatuluka mu Julayi 1980 pa mtengo wa 300 yen. Ogula sanathamangire Gundam yokha, ankalimbirananso Zaku.

M'nkhaniyo, nkhondo ikuyamba pa 3 Januwale chaka cha 0079 pa kalendala ya m'katunimo yotchedwa Universal Century ndi kutha patapita chaka chimodzi. A Zeon anagwetsera pa dziko mzinda wathunthu wa m'mlengalenga, akulinga likulu la Federation ku Jaburo, ku South America, koma unasweka m'njira n'kugwera pa Sydney. Theka la anthu linatha m'mwezi woyamba. Pangano la ku Antarctica linaletsa mabomba a nyukiliya, mpweya wa poizoni ndi kugwetsanso mizinda. Kenako pali tinthu ta Minovsky tomwe timasokoneza radar ndi wailesi, kotero adani amamenyana akuonana maso ndi maso. Kwa woyendetsa gemu, izi ndi mphatso: malamulo oletsa wosewera mmodzi kuthetsa nkhondo ndi batani limodzi alimo kale m'nkhani. Chimene nkhaniyo sinapereke ndi njira yogawira loboti imodzi kwa anthu chikwi.

Amene anayesa molimba mtima kuposa onse ndi a kampani ya Dimps, ndi gemu ya Universal Century Gundam Online yomwe inatsegulidwa mu 2005. Anasankha Australia, dziko lovulazidwa ndi kugwa kwa mzinda uja, kutali ndi nkhondo zikuluzikulu za Amuro. Wosewera ankayamba wopanda kanthu. Ena ankakumba miyala, ena kuiyenga, ena kupanga zida ndi maloboti, ndipo luso linkakwera pobwereza ntchito yomweyo. Loboti ikaphulitsidwa inkatha kutayika ndithu, ndiye munthu ankaganiza kawiri asanatulutse yodula. Pa mfundo imeneyi anaigwira bwino nkhondo ya Tomino. Vuto linali nthawi: dera linali lalikulu, ulendo wopita kunkhondo wautali, ndipo wobwera kudzamenya nkhondo ankapezeka akukumba miyala. Gemuyo inatsekedwa pa 15 Disembala 2007. Okonda sanaitaye, anadzutsa maseva awoawo.

Mobile Suit Gundam Online, ya mu Disembala 2012, inapita mbali ina. Zokumba miyala inazisiya, n'kuika anthu 52 mbali iliyonse, mmodzi wa iwo mkulu wankhondo woyang'ana mapu ndi kulamula. Inakhala nthawi yaitali, mpaka pa 30 Malichi 2022, koma pofuna kugulitsa maloboti atsopano inadutsa malire a chaka cha 0079, ndipo Zaku wamba inasanduka nyama ya aliyense. Gemu ina, Battle Operation 2 ya mu 2018, inapeza mankhwala osavuta: loboti iliyonse ili ndi nambala ya mtengo, chipinda chilichonse chosewerera nkhondo chili ndi malire ake a mtengowo, osewera mpaka 6 mbali iliyonse. Maloboti ali m'magulu atatu, General imapweteka Raid, Raid imapweteka Support, Support imapweteka General. Gundam alipo ambiri, koma sakumana ndi ofooka kwenikweni. Mkangano unachepa, koma kunena zoona, nkhani ya usilikali wamba inazimiririka.

Kumene mkanganowu ukadali wamoyo ndi m'magemu olemba, momwe wosewera amafotokoza ndi mawu zimene msilikali wake wachita, woyendetsa gemu n'kugamula zotsatira. Magulu odziwa ntchito amayamba ndi kusankha mwezi. Ngati gemu ili mu Malichi 0079, a Federation ali ndi akasinja a Type 61 ndi ndege basi, chifukwa Gundam inayamba kumenya mu Seputembala ndipo GM, loboti yawo yopangidwa mwaunyinji, inachuluka kumapeto kwa chaka. Amene saganizira izi amapeza osewera onse athawira ku Zeon, mbali inayo yatsala ndi anthu atatu. N'chifukwa chake ambiri amayambira mu Okutobala kapena Novembala.

Malo nawonso amasankha akutali ndi anthu otchuka a m'katuni. Wosewera akawombera Char Aznable, msilikali wotchuka wa Zeon, woyendetsa gemu ayenera kunamizira kuti waphonya chifukwa Char sangafe pamenepo, ndipo chikhulupiriro chimathera pompo. Mathero ngodziwika, Zeon idzagonja ku linga lake la m'mlengalenga la A Baoa Qu, choncho cholimbirana chikhale chaching'ono chimene nkhani sinagamule: mlatho, mgodi, kapena kutulutsa anzako amoyo. Aliyense amayamba ndi GM kapena Zaku II, amapeza mapointi pa ntchito iliyonse, ndipo kukonza mkono wothyoka kumadya mapointi omwewo. Wolemba amaloledwa kunena kuti wawombera, osati kuti walasa. Lamulo limeneli likangofooka, nkhondo imasanduka ya anthu awiri ozinda zipolopolo mpaka mmodzi atatopa. Za Newtype, anthu omva mdani asanamuone aja, magulu ambiri salola kuti munthu adzipatse yekha polemba mbiri ya msilikali wake.

Wokakamira Gundam amamutsegulira khomo limene katuni ya The 08th MS Team ya mu 1996 inasiya. Muli Gundam yotchedwa RX-79[G], yomangidwa ndi zotsala za pulojekiti ya RX-78, yomenyera pansi pokha, ndipo zosinthira zake n'zosowa. Mutu ukaphwanyika, amakaniko amaikapo wa GM, monga zinachitikira m'katunimo.