Konkire salimba ndi dzuwa

Amalawi ambiri amene timamanga kuno ku Joni, kaya ku Soweto kapena ku Cosmo City, timakhulupirira kuti konkire akauma msanga ndiye kuti walimba. Ena amachita kusangalala dzuwa likamaswa mtengo tsiku lothira silabu. Si zoona.

Simenti si dothi loumbira njerwa. Imalimba chifukwa chogwirana ndi madzi, ndipo zimenezi zimatenga masiku. Madziwo akathawa msanga, kulimbako kumathera panjira, pamwamba n'kuchita timing'alu ndi kumafumbuka. N'chifukwa chake silabu imafunika kuithirira madzi kwa masiku osachepera 7, kapena kuifunditsa pulasitiki. Mphamvu imene mainjiniya amawerengera ndi ya pa masiku 28.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mpweya wake umakhala wouma kwambiri nyengo yozizira. Mphepo ya mu Ogasiti imamwa madzi a konkire mosanyengerera. Mu Juni ndi Julayi vuto ndi chisanu: madzi akaundana usiku mu konkire wamuwisi, basi wawonongeka. Thirani konkire dzuwa litakwerako, madzulo mufunditse.

Komatu kuthirira pamwamba n'kosiyana ndi kuchulutsa madzi posakaniza. Phala lamadzimadzi, ngakhale amisiri amalikonda poti silivuta kusalaza, limafooketsa konkire.