Othamanga, Ululu wa Kuchidendene Ukazilala Sindiye Kuti Mwachira

Uthengawu ndi wa othamanga mitunda italiitali ndi a triathlon, amene amasambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga pa mpikisano umodzi. Ambiri akavulala mtsempha wa Achilles, uja wolumikiza katumba ndi chidendene, akumathamangira kubwerera kumsewu, n'kudzafika kuchipatala utawonongekeratu.

Zoyambitsa n'zodziwika: kuwonjezera mtunda mwadzidzidzi, kuchulutsa zitunda, kusintha nsapato, kufooka kwa katumba. Chotidetsa nkhawa ndi china. Mtsemphawu umauma ndi kupweteka m'mawa podzuka, koma munthu akathamanga pang'ono thupi n'kutentha, ululu umazilala, iye n'kumati wachira. Sanachire ayi. Mtsempha sulandira magazi ambiri ngati mnofu, choncho kuti uchire umatenga miyezi 3 kapena kuposa, ena mpaka chaka. Mwendo muziufunsa m'mawa wa tsiku lotsatira, osati muli pamsewu.

Choopsa kwambiri ndi kumwa brufen kapena diclofenac kuti muthamange. Mankhwalawa amangobisa ululu pamene mtsempha ukupitirira kuwonongeka. Jekeseni ya steroid pamtsemphawu imaufooketsa, ndipo mphini sizifika pomwe pali vuto. Mukalemberedwa ciprofloxacin, uzani adokotala za mwendowo, chifukwa mankhwala a gulu limeneli amatha kuchititsa kuti mtsempha uduke.

Kungokhala osachita kanthu nakonso sikuchiza. Mtsempha umalimba ukamasenzetsedwa katundu pang'onopang'ono. Njira ya dokotala Håkan Alfredson wa ku Sweden, ya mu 1998, ili motere: imani pasitepe zidendene zili m'malere, nyanyamphirani ndi mwendo wabwinowo, kenako tsikani pang'onopang'ono ndi wovulalawo wokha. Chitani ka 15, maulendo 3 bondo litawongoka, maulendo 3 litapindika, kawiri patsiku, kwa masabata 12. Zikayamba kupepuka berekani chikwama cholemera. Ngati ululu uli pafupa penipeni la chidendene, chitirani pansi pafulati, chifukwa kutsika kupyola sitepe kumafinya mtsempha pafupalo.

Musayambe kuthamanga musanathe kuyenda ndawala mphindi 30 osamva kuwawa, kunyanyamphira ndi mwendo wovulalawo ka 20, ndi kudumphadumpha nawo. Poyamba thamangani mphindi 1, yendani mphindi 4, maulendo 5 kapena 6, pamalo osakwera, ndipo muzidumphitsa tsiku. Pa muyeso wa 0 mpaka 10, ululu usapyole 5, ndipo pofika m'mawa ukhale utabwerera mwakale. Mukadzuka chidendene chitauma kuposa dzulo, mwapyola muyezo, bwererani pomwe munali sabata yatha. Tikubwereza: kusamva kuwawa pothamanga si umboni. Yambani mwawonjezera mtunda, liwiro pambuyo, zitunda pomaliza. Amene mukukonzekera Porters Race ya paphiri la Mulanje, ngati simunafike pa zitunda, chaka chino ikupiteni.

A triathlon muli ndi mwayi wosunga mphamvu m'madzi ndi panjinga, koma samalani. Posambira vulani ma fins, zipsepse zovala kumapazi zija, ndipo musakankhe khoma mwamphamvu potembenuka. Panjinga tsitsani chishalo pang'ono, bwezani cleat, kachipangizo ka pansi pa nsapato kokolera papedulo, cham'mbuyo kuti muziponda chapakati pa phazi, ndipo musapalase choimirira pokwera mtunda. Kutsika panjinga n'kuthamanga nthawi yomweyo kukhale komaliza, chifukwa katumba amakhala atatopa kale.

Pakatha masabata 6 popanda kusintha, onanani ndi a physiotherapy, akatswiri ochiza pogwiritsa ntchito mafizo, monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Koma mukamva kuti phwa, ngati wina wakumenyani kumbuyo kwa mwendo, n'kulephera kunyanyamphira, mtsempha ungakhale waduka. Ena amathabe kuyenda chotsimphina n'kumati abinya chabe. Musausisite, musaupondere. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mukachedwa mbali zodukazo zimatalikirana ndipo kulumikiza kumavuta.