Si nyenyezi zakufa zimene zagwira Mlalang'amba

Magetsi akazima ku Kapata, yang'anani kum'mwera. Pali kamtambo kotuwa kosauluzika ndi mphepo, Large Magellanic Cloud, gulu la nyenyezi zambirimbiri loyandikana ndi Mlalang'amba wathu.

Ena ankakhulupirira kuti dark matter, chinthu chosaoneka chimene chimakoka Mlalang'amba kuti usamwazike, ndi nyenyezi zokalamba zotchedwa white dwarf. Ganizoli silinali lopusa ayi. Nyenyezi yotere ili ngati khala lotsala pa mbaula: kukula ngati dziko lathuli, kulemera koposa theka la dzuwa, ndipo ikamazizira imazimirira.

Koma ikadutsa kutsogolo kwa inzake yakutali, imapinda kuwala kwake, inzakeyo n'kuwala kwambiri kwa milungu kapena miyezi ingapo. M'ma 1990 magulu a akatswiri a zakuthambo otchedwa MACHO ndi EROS anadikirira zimenezi pa nyenyezi mamiliyoni za m'kamtamboko. Zinangochitika mwa apo ndi apo. Mu 2007 EROS inati zinthu zotere sizifika 8 peresenti ya kulemera kosaonekako.