Lamulo loteteza gemu siliteteza wosewera

Ndatopa nawo mawu amene ndimamva nthawi zonse kampani ya magemu ikaberedwa zinsinsi za makasitomala ake: "Ndi ana okopa magemu omwe aja, boma likangokhwimitsa lamulo zonsezi zitha." Ntchito yanga ndi yoteteza makompyuta a m'maofesi, ndipo mawuwa amachokera ngakhale kwa anthu ophunzira bwino. Si zoona ayi. Pali umbava wamitundu iwiri pano, ndipo oberedwa ake ndi osiyana. Munthu akakopa gemu osalipira, yaberedwa ndi kampani. Mbava zikalowa mu seva (kompyuta yaikulu yosungira zinthu) ya kampaniyo n'kutenga dzina lanu, imelo, tsiku lobadwa ndi pasiwedi, mwaberedwa ndinu. Lamulo loletsa kukopa linalembedwa kuti liteteze katundu wa kampani. Za inu silikambapo.

Nkhani imene imandiwawabe mpaka lero ndi ya Sony mu 2011, chifukwa zonse zimene ndikunenazi zinaonekera poyera m'miyezi yochepa chabe.

Mu 2010 Sony inachotsa pa PlayStation 3 mwayi woikapo Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows), umene unkatchedwa OtherOS, ikuti pofuna chitetezo. Anthu amene anagula makinawo ndi ndalama zawo anakwiya. Kumayambiriro kwa Januwale 2011 mnyamata wa ku America, George Hotz, anaika pa intaneti kiyi wachinsinsi wa makinawo, wotsegula njira yoikamo mapulogalamu amene Sony sinavomereze. Sony inathamangira kukhoti ku California, itanyamula lamulo la DMCA la 1998, limene limaletsa kuthyola maloko oteteza nyimbo, mafilimu ndi magemu. Khoti linailola ngakhale kupeza maadiresi a IP (manambala ozindikiritsa makina pa intaneti) a anthu amene anangotsegula tsamba la Hotz. Mlanduwo unatha pomvana, koma gulu la anthu othyola makompyuta la Anonymous linali litayamba kale kusokoneza masamba a Sony pobwezera.

Patangopita masiku ochepa mlandu wa mnyamata mmodziyo utatha, pakati pa 17 ndi 19 Epulo anthu ena analowa mu PlayStation Network, netiweki ya Sony yosewererapo magemu pa intaneti, n'kufika pa zinsinsi za maakaunti 77 miliyoni: mayina, maadiresi, maimelo, masiku obadwa, ndi mapasiwedi amene anali obisidwa mwa njira ya hash, yosokoneza zilembo kuti zisawerengeke. Sony inati manambala a makhadi a kubanki anali otsekedwa, koma sinathe kutsimikiza kuti sanatengedwe. Anonymous anakana kuti si iwo. Pa 20 Epulo Sony inazimitsa netiweki yonse. Eni maakaunti anauzidwa kuti zinsinsi zawo zapita pa 26 Epulo.

Taganizirani masiku apakatiwo. Anthu ankangodandaula kuti gemu sikulumikiza, osadziwa kuti imelo ndi tsiku lawo lobadwa zili m'manja mwa achilendo. Aliyense wogwira ntchito ngati yangayi amadziwa kuti maola oyambirira ndi amene amapulumutsa munthu: akauzidwa msanga amasintha pasiwedi ku imelo, amaimbira kubanki, amakhala tcheru ndi mauthenga achinyengo. Sony inati inkayembekeza kuti akatswiri atsimikize kukula kwa vutolo. Ndikumva, kufufuza kumatenga nthawi. Koma kuchenjeza anthu kuti asinthe mapasiwedi sikufuna kuti kafukufuku athe kaye.

Kumayambiriro kwa Meyi kunapezekanso kuti maakaunti ena 24.6 miliyoni a Sony Online Entertainment anakhudzidwa. Kazuo Hirai, mkulu wa gawo la PlayStation pa nthawiyo, ndi akuluakulu anzake anawerama pamaso pa atolankhani ku Tokyo kupepesa. Netiweki inakhala yozima masiku pafupifupi 23, ndipo kampaniyo inayerekeza kuti yataya madola 171 miliyoni. Mu Januwale 2013 ofesi yoona za zinsinsi za anthu ku Britain, ya ICO, inailipiritsa chindapusa cha mapaundi 250,000, ponena kuti zikanapeweka mapulogalamu a pa maseva akanakhala atsopano. Mvetsetsani pamenepo: chimene chinatsegula khomo ndi mapulogalamu osakonzedwa pa nthawi yake, osati kufewa kwa lamulo la zokopa. Zili ngati mwini golosale amene wagula maloko atatu otsekera katundu wake, koma kope la angongole, lokhala ndi mayina ndi manambala a foni a mudzi wonse, walisiya pakhonde.

Ndipo yerekezani zilango. Ku America, wokopa dala chinthu chimodzi cha eni angathe kulamulidwa kulipira mpaka madola 150,000. Ku Britain, kampani imene inalephera kusunga zinsinsi za anthu mamiliyoni inalipira mapaundi 250,000. Mayikowo ndi awiri, malamulo ndi osiyana, koma mukuona nokha amene malamulo a nthawiyo ankamusamala kwambiri. Mu Seputembala 2011 Sony inasinthanso mgwirizano wa osewera kuti asamaisumire pagulu ngati sanalembe kalata yokana.

Chaka chomwecho aphungu a ku America anabweretsa mabilu awiri olimbana ndi zokopa: PIPA ya Patrick Leahy mu Meyi, ndi SOPA ya Lamar Smith mu Okutobala. Bungwe loimira makampani akuluakulu a magemu, la Entertainment Software Association, linali kumbali ya mabiluwo. Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti ena mwa otsutsa oyambirira anali akatswiri a chitetezo eni ake. Mabiluwo ankafuna kuti makampani opereka intaneti azitseka masamba okopa kudzera pa DNS, kaundula amene amasandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi yake. Steve Crocker, Paul Vixie, Dan Kaminsky ndi anzawo analemba mu Meyi 2011 kuti njirayo ikutsutsana ndi DNSSEC, imene imatsimikiza kuti tsamba mwatsegulalo ndi lenileni, komanso kuti anthu adzathawira ku maseva a DNS a anthu osadziwika. Mwini seva yotere angakutumizeni ku tsamba labodza la banki yanu inu osazindikira. Lamulo lofuna kuteteza gemu likanaika wosewera pangozi yoposa. Riot Games, Epic Games ndi Mojang, opanga Minecraft, anakana SOPA poyera. Pa 18 Januwale 2012 Wikipedia ya Chingerezi inadzitseka tsiku lonse potsutsa mabiluwo, ndipo patangopita masiku awiri mabiluwo anaikidwa padera.

Maloko oteteza zokopa enieniwo anavulazapo anthu olipira. Mu 2005 Sony BMG inaika pa zimbale za nyimbo pulogalamu yobisala mu Windows, opanga mavairasi n'kuyamba kubisala kuseri kwake. Mu 2010 Ubisoft inalamula kuti Assassin's Creed II ya pa kompyuta izilumikizidwa ku intaneti nthawi zonse. Maseva atasokonezedwa mu Malichi, amene anagula gemuyo analephera kusewera.

Tsono wina asanditenge mawu kuti ndikuti kopani. Pano ndiye pamene ndikufuna makolo ndi eni timabizinesi mumve bwino, chifukwa kulakwa kwachiwiri kumene ndimamva, kuno kwathu makamaka, ndi kwakuti "gemu yokraka ndi yaulere, sindikupweteka munthu." Amene anakraka gemuyo (kuthyola maloko ake) n'kuiika pa intaneti sanatero chifukwa chokukondani. Mu 2021 kampani ya Avast inaulula vairasi yotchedwa Crackonosh, yobisidwa m'magemu okraka monga Grand Theft Auto V, NBA 2K19 ndi Pro Evolution Soccer 2018. Inali italowa m'makompyuta oposa 222,000. Inkazimitsa antivayirasi, n'kumagwiritsa ntchito kompyuta ya mwini kukumba ndalama ya pa intaneti yotchedwa Monero, ndipo eni vairasiyo anapeza madola oposa 2 miliyoni. Imeneyo inali yachifundoko, chifukwa inkangoba magetsi ndi mphamvu ya makina. Zambiri za masiku ano zimaba mapasiwedi onse osungidwa mu Chrome kapena Firefox, pamodzi ndi ma cookie, timafayilo timene timauza tsamba kuti munalowa kale. Wokhala ndi cookie yanu safunanso pasiwedi. Pamene Electronic Arts inaberedwa mafayilo opangira FIFA 21 mu Juni 2021, mbavazo zinauza atolankhani kuti zinayamba ndi cookie imene zinagula pa madola 10, n'kulowa nayo mu Slack, pulogalamu yolemberana mauthenga ya antchito a kampaniyo, kenako n'kunamiza a IT kuti foni yatayika, kuti awapatse njira yolowera mu netiweki.

Malangizo a gemu yokraka amayamba ndi chiyani? "Zimitsani antivayirasi kaye." Mwana amazimitsa. Pa laputopu ya mayi ake.

Mayi wina wochita bizinesi yooda katundu kunja anandibweretsera laputopu yake atatsekeredwa kunja kwa imelo ndi tsamba lake la malonda. Mwana wake anaikamo gemu ya mpira imene mnzake anamukopera pa flashi. Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi si mwanayo, chifukwa ana amachita zimene anzawo akuchita. Ndi nthawi imene inatayika. Mayiwo analandira uthenga wochenjeza kuti wina walowa mu imelo yawo kuchokera kudziko lina. Anauona, n'kuganiza kuti ndi zosokoneza za pa foni. Makasitomala atayamba kufunsa za nambala yachilendo yotumizako ndalama, anapita kwa mnyamata wa pamsika amene anadzitcha katswiri wobweza maakaunti. Iye anawalipiritsa, anawafunsa pasiwedi, anawauza kuti amuwerengere nambala imene yabwera pa foni, kenako anafufuta laputopu yonse n'kuikamo Windows yokrakanso. Pofika kwa ine, nambala ya foni ndi imelo yobwezera akaunti zinali zitasinthidwa kalekale, umboni wonse wa mu laputopu unali utafufutidwa, ndipo makasitomala angapo anali atatumiza kale ndalama kwa mbava. Imeloyo sinabwerenso. Akanachitapo kanthu tsiku la uthenga woyamba uja, inali ntchito ya mphindi zochepa.

Akatswiri abodzawa achuluka. Ali pa Facebook, pa WhatsApp, pa TikTok, ena akulonjeza kubweza akaunti yobedwa, ena akugulitsa madayamondi otchipa a Free Fire kapena makoini a FIFA, ena akuti "tumizani akaunti yanu tikuikiremo magemu." Palibe munthu wakunja amene ali ndi khomo lakuseri lolowera ku Sony, Google, Steam kapena Facebook. Akaunti imabwezedwa kudzera pa tsamba la kampani yake basi, ndipo kumeneko salipiritsa. Aliyense wokufunsani nambala yotsimikizira imene yabwera pa foni yanu ndi mbava, kaya akulankhula mwaulemu bwanji, kaya wavala chiyani. Amene amaflasha ma PlayStation (kuwasintha kuti azilandira magemu okopa) m'misika si onse oipa, ambiri akungofuna ya ndiwo, koma musalowetse akaunti yanu yeniyeni kapena khadi ya kubanki pa makina oflasha, kapenanso pa makina a m'nyumba zoseweretsa magemu za m'tauni.

Mukamva kuti kampani imene muli nayo akaunti yaberedwa, musadikire kalata yake. Sinthani pasiwedi tsiku lomwelo, ndipo yambani ndi ya imelo, popeza maakaunti ena onse amabwezedwa kudzera mmenemo. Ngati pasiwedi imodzi mumaigwiritsa ntchito paliponse, dziwani kuti mbava zimaiyesa pa masamba onse otchuka pogwiritsa ntchito makina, sizichita kulemba pamanja. Yatsani kutsimikizira kwa magawo awiri, kumene kumafuna pasiwedi komanso nambala yobwera pa foni yanu. Ngati mukukayikira kuti kompyuta ili ndi vairasi, musasinthire pasiwedi pa kompyuta yomweyo. Gwiritsani ntchito foni kapena makina ena, ndipo sankhani kutulutsa zipangizo zonse zimene zinalowa, kuti ma cookie obedwawo afe. Imelo yanu mungaifufuze pa tsamba la Have I Been Pwned, la Troy Hunt wa ku Australia, kuti muone ngati inapezeka m'zinsinsi zimene zinabedwapo. Ndipo laputopu ya bizinesi isakhale ya magemu. Zimenezi si nkhanza kwa mwana.

Kuno ku Malawi tili ndi lamulo la Copyright la 2016 limene COSOMA imayang'anira, ndipo oimba ndi opanga mafilimu athu ali ndi chifukwa chomveka cholirira kuti ligwire ntchito. Sindikutsutsa zimenezo. Koma lamulo lokhudza dzina lanu, nambala yanu ndi chiphaso chanu ndi lina, la Data Protection la 2024, limene lili m'manja mwa MACRA. Limenelo ndi limene muyenera kufunsa nalo aliyense amene amakutengani zinsinsi, kaya ndi kampani yobetcha mpira, yobwereketsa ndalama pa foni, kapena sukulu: mumazisunga kuti, amaziona ndani, ndipo zikabedwa mudzandiuza patapita maola angati? Ku Ulaya, lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limapatsa kampani maola 72 kuti idziwitse oyang'anira, ndipo chindapusa chingafike 4 peresenti ya ndalama zimene imapeza pa chaka padziko lonse. Ngakhale zili choncho umbava sunathe: Capcom inaberedwa mu 2020, CD Projekt mu 2021, ndipo mu Disembala 2023 gulu la Rhysida linamwaza mafayilo a Insomniac Games, kampani ya Sony yomweyo, kuphatikizapo zithunzi za mapasipoti a ogwira ntchito. Magemu amene anaululika msanga m'mafayilowo ndi amene anadzaza nkhani pa intaneti, pamene antchito amene mapasipoti awo anamwazidwa anatsala ndi ntchito yoyang'anira maakaunti awo a kubanki kwa zaka, poopa kuti wina angatenge ngongole m'dzina lawo.